Nkhadze ya pa Dzenje Lachinayi

Pamaliro a Anamchenga, mkulu wa mpingo amene anawerenga mbiri yawo sanachedwe nayo. Anati anabadwira ku Phalombe, anabwera kuno ndi amuna awo kudzalima fodya wa utenanti, anagwirapo ntchito ku bwalo la gofu la pa esiteti, ndipo amwalira opanda mwana. Atatero anapinda pepala lija, kwaya n'kuyamba nyimbo. Ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi anga. Pamene mawu akuti "opanda mwana" anatuluka, iwo sanatembenuke n'komwe. Amayi onse a ku layini ya matenanti anangozyolika.

Ndikulemba izi chifukwa mbiri ija inali yabodza. Anamchenga anali ndi mwana. Mwanayo anagona pansi pa nkhadze imene ili pambali pa njira yopita ku dzenje lachinayi, ndipo mphamvu zonse za ukalamba wawo zinathera pa kuteteza nkhadze imeneyo kuti isadulidwe. Amayi andiuza kuti mtsikana wa Folomu 3 sayenera kudziwa zinthu zotere, nanji kuzilemba. Ndawamva, ndipo ndimawalemekeza. Koma cholembera ndi changa.

Dzina lawo lenileni linali Esinati, ngakhale sindinamvepo munthu akuwaitana choncho. La Anamchenga anawapatsa ndi anyamata onyamula zikwama za osewera, chifukwa cha ntchito yawo. Bwalo la gofu la kwathu kuno, kumpoto kwa Namitete, si lobiriwira ngati la mu mzinda. Lili ndi maenje asanu ndi anayi, ndipo dzenje lililonse lili pakati pa kabwalo ka mchenga wosakaniza ndi oyilo wakutha wa mathirakitala, kuti mchenga ugwirane ndipo kampira kaziyenda mowongoka. Anamchenga ndiwo ankasalaza timabwaloti. Ankakoka thabwa lokulunga chiguduli, kuyambira pa dzenje n'kumazungulira mpaka m'mphepete, akuyenda chafutambuyo kuti asasiye mapazi. Anali aafupi, a mawu osasa, ndipo zidendene zawo zinali zakuda bii ndi oyilo amene analowa m'ming'alu mpaka sopo anamulephera. Amayi osambitsa mtembo akuti anayesa kupala ndi mwala, osatheka. Anapita nazo choncho.

Gofu ankamunyoza poyera. Ankati ndi masewera a anthu okhuta: munthu wamkulu wa ndevu zake kumenya kampira, kukalondola, akakapeza n'kukamenyanso. Ankati mwana akachita zimenezi ndi dzira amakwapulidwa. Osewera akamenya molakwa, iwo sankabisa kuseka. Ena ankakwiya, ena anazolowera mpaka ankawafunsa kuti, "Mayi, lero ndamenya bwanji?" Iwo ankayankha kuti mbuzi ya a Kapitawo ikanachitako bwino.

Amakangana ndi aliyense. Ku mpingo anawaimitsa mgonero chifukwa chogwira ntchito Lamulungu, pakuti mipikisano yambiri inkachitika tsiku limenelo. Atawaitanira ku bwalo la akulu a mpingo, anangofunsa ngati fodya wa akuluwo amasiya kuuma m'zigafa likafika Sabata. Sanawabwezere mgonero, ndipo iwo sanapemphe. Ankabwera kutchalitchi mochedwa, kukhala pa benchi yomaliza, kuimba mokweza kuposa onse, n'kutuluka mbale ya chopereka isanayambe kuyenda. Ndi amayi anga anayambana chifukwa cha nkhuku. Tambala wathu anazolowera kukatha mpiru pa kadimba kawo. Anachenjeza kamodzi. Kachiwiri anamugwira, kumumanga miyendo ndi luzi, n'kupita naye ku sukulu ya pulayimale kumene bambo anga amaphunzitsa. Analowa m'kalasi osagogoda, n'kumuika patebulo pamwamba pa makope.

"Aphunzitsi, uyunso mumulembe. Kwanu kwamukanika."

Ana anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Amayi anakhala nthawi yaitali osawalankhula, koma pamene ndinadwala malungo aakulu, Anamchenga ndiwo anandibereka mpaka pamsewu. Kuyambira pamenepo ankalowa pakhomo pathu ngati kwawo, ndipo ankadzudzula chilichonse, kuyambira katsukidwe ka mbale mpaka kutalika kwa siketi yanga.

Za nkhadze anandiuza okha. Ndinali mu Sitandade 7. Tinkachokera ku chigayo, tikudutsa njira yapansi imene imadula pakati pa bwalo la gofu, njira imene anthu ankayenda bwalolo lisanakhalepo. Titafika pafupi ndi nkhadze ya dzenje lachinayi anatula thumba lawo.

"Iwe mwana wa aphunzitsi, sukulu yonseyi sanakuphunzitse ulemu? Pereka moni."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu.

"Kwa ndani, agogo?"

"Kwa mkulu wako. Ali apa. Dzina lake ndi Ndaona."

Anakhala pansi, nanenso ndinakhala. Anati chinali chaka chawo choyamba pa esiteti. Mwana anabadwa ku layini, wamkazi, koma sanalire. Pachikhalidwe chathu mwana wotere amatchedwa nthayo. Anthu samulira maliro, sapatsidwa dzina, sakhomeredwa bokosi, ndipo amuna sayandikira. Amayi okha ndiwo amakamuika, m'kadzenje kosazama. Manda a m'mudzi anali a eni nthaka, ndipo iwo anali obwera, choncho amayi a ku layini anapita naye ku tchire, pafupi ndi chulu. Anauza Anamchenga kuti asalire, asamuyang'ane nkhope, asabwererenso pamalopo, chifukwa akatero sadzaonanso pathupi. Kulira sanalire. Anameza zonse. Koma nkhope anaiona, mwakuba, pamene ankamukulunga.

Zaka zinadutsa, pathupi pena osabwera. Amuna awo anatopa, anakakwatira ku Nsaru. Anamchenga anati pamenepo ndi pamene anazindikira kuti mwambo unawanamiza: iwo anasunga mbali yawo, mwambo sunasunge yake. Anathyola kanthambi ka nkhadze pa mpanda wa khola, anapita ku tchire kuja masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukabzala. Ndipo anamutcha mwana dzina.

Bwalo la gofu linabwera pambuyo. Mzungu amene ankayang'anira esiteti nthawi ya chipani chimodzi analamula kuti tchire lilambulidwe. Atafika pa nkhadze, imene inali itakula kufika m'chifuwa, anaima, kuyang'ana kumene ankafuna kuika dzenje lachinayi, n'kunena kuti isiyidwe. Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono. Wosewera gofu amakhala ndi ndodo zambiri m'chikwama, ina yomenyera patali, ina yapafupi. Kuti asankhe yoyenera ayenera kudziwa mtunda umene watsala kuti afike pa dzenje. N'chifukwa chake pambali pa njira ya dzenje lililonse amaika chizindikiro pa mtunda wa mayadi 150 kuchokera pakati pa kabwalo. Mzungu uja anaona kuti nkhadze ija yaima pamalo pafupifupi oyenera, ndipo sifota ngakhale m'chilimwe udzu wonse utauma. Anaikonda. Analamula kuti pa maenje ena onse abzale nkhadze, atayeza ndi chingwe. Ya pa dzenje lachinayi yokha ndiyo sinayezedwe. Anamchenga anapita kukapempha ntchito tsiku lomwelo, kuti azikhala pafupi.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanangouza mabwana kuti pamenepo ndi pamanda. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati amuna akamva nkhani safuna kuisunga, amafuna kuikonza. Aitana mfumu, mfumu inena kuti nthayo si maliro. Aitana abusa, abusa anena kuti pepani. Kenako wina wachifundo anena kuti tifukule tikaike pabwino, ndiye makasu a amuna alowa pamene sayenera kulowa. Mbali imeneyi ya mwambo anaisunga mpaka imfa. Choncho nkhondo yawo yonse anaimenya pogwiritsa ntchito mfundo za gofu, masewera amene ankawanyoza.

Nkhondoyo inayamba esiteti itagulidwa ndi eni ake atsopano. Osewera tsopano anali ambiri Amalawi: ogula fodya, a ku banki, madokotala, ansembe. Anasankha kaputeni watsopano wotsogolera kalabu yawo ya gofu, bambo wamtali wa magalasi wochokera mu mzinda. Sanali munthu woipa. Ankapereka moni kwa antchito, ndipo ndiye analetsa kuti onyamula zikwama azitukwanidwa. Koma ankafuna kuti bwalo lifanane ndi ena amene anaseweramo, okhala ndi zikhomo zopaka penti, zoyera, zofiira ndi zabuluu, chilichonse ndi mtunda wake. Anati nkhadze ndi za pa khola.

Nkhaniyi inagawa osewera. Anyamata ogula fodya ankafuna zikhomo, ati zimaoneka zamakono ndipo alendo sasokonezeka. Wansembe wina wokalamba ankafuna timiyala ta simenti tokwiriridwa molingana ndi nthaka, chifukwa kampira kake kanagundapo chikhomo ku bwalo lina n'kubwerera kumbuyo. Mmwenye wa sitolo, amene maso anali atayamba kuchepa, ankati iye chikhomo sachiona, koma nkhadze amaiona ali kutali. Onyamula zikwama nkhadze ankadana nayo kwambiri: kampira kakalowamo ndiwo ankatumidwa kukasaka, ndipo utomoni wake ukalowa m'maso munthu amalira tsiku lonse. Woyendetsa thirakitala yotchetcha ankati chilichonse chimene chaima chimamuvuta, kaya ndi mtengo kaya ndi simenti.

Anamchenga analowa pakati pa mkanganowo ngati wandale wofuna mavoti. Wosewera aliyense akafika pa kabwalo, asanawerame n'komwe kuti amenye, funso linali litamupeza.

"Bwana, inu ndi a chikhomo kapena a nkhadze?"

Akati chikhomo, ankamukumbutsa za chiswe. A Kaputeni anali atayesa kuzika zikhomo zamatabwa pa dzenje loyamba. Mvula isanathe chiswe chinadya m'kati, kusiya penti yokha itaima. Akati nkhadze, ankamusalazira mchenga kawiri mpaka pa dzenje. Wansembe uja anamutembenuza pomuuza kuti kamwala ka simenti udzu ukamera pamwamba adzakafuna ndi makandulo. Kwa anyamata a zikwama analonjeza kuti kampira kalikonse kolowa mu nkhadze azikatulutsa okha, ndipo anachitadi. Manja awo anali ndi zipsera za utomoni.

Pa msonkhano wa kalabu, umene antchito ankamvera pazenera, mbali ziwirizi zinalepherana. Potsiriza anagwirizana pakati: nkhadze zonse ziyezedwe, zimene zili pa mtunda woyenera zikhale, zolakwika zidulidwe n'kuikapo zikhomo za simenti. Anamchenga anabwera kwathu akuimba, akuganiza kuti apambana. Loweruka lotsatira a Kaputeni anayenda bwalo lonse ndi kachipangizo koyezera mtunda, koyang'aniramo ndi diso limodzi. Nkhadze zonse zinapezeka zili bwino, kupatula imodzi. Ya dzenje lachinayi inali kutali kuposa muyeso, osati pang'ono. A Kaputeni anati n'chifukwa chake mipira ya anthu inkagwera pafupi, osafika pa mchenga. Analamula a Gelesomu, kapitawo wa bwalo, kuti idulidwe zikhomo zikaumbidwa, fodya akatha kugulitsidwa.

Madzulo amenewo Anamchenga anabwera kwathu, koma sanadzudzule kanthu. Amayi anawapatsa tiyi, anangomugwira mpaka anazizira.

"Nanga mukauze abusa, mwina angalankhule nawo," anatero amayi.

"Abusa amene anandimana mkate?"

"Ndiye mupanga bwanji, Anamchenga? Nkhadze simungaisunthe."

"Ayi, singasunthe," anatero. Kenako anamwa tiyi wozizira uja kamodzi n'kunyamuka.

Chimene anachita chinali ichi. Mtunda amauyeza kuchokera pa nkhadze kufika pakati pa kabwalo. Nkhadze ili ndi mizu, koma kabwalo ndi mchenga ndi oyilo basi, ndipo wousamala anali iwo. Anayamba kukasuntha. M'mawa uliwonse ankapala udzu pang'ono kumbali yoyang'ana ku nkhadze, kuthirapo mchenga, kuwaza oyilo, kusalaza. Kumbali inayo ankachotsa mchenga, kuthira dothi la pa chulu, n'kuwokerapo kapinga amene ankazula ku dambo. Kunali chilimwe, madzi othirira ankatunga ku chitsime cha ku layini, ndowa pamutu, ulendo ndi ulendo. Kachitini ka dzenje, kamene mbendera imaimamo, kamasunthidwa kale sabata ndi sabata kuti mchenga usakumbike malo amodzi, choncho palibe anadabwa kukaona pena. Kabwalo kanayamba kukwawa ngati nkhono.

Vuto linali oyilo. Amene ankapatsidwa anali wokwanira kukonza, osati kumanga kabwalo katsopano. Anayamba kumana timabwalo tina. Mchenga wa pa dzenje lachisanu ndi chiwiri unauma mpaka kuuluka ndi mphepo, osewera n'kumadandaula. A Gelesomu anaganiza kuti akugulitsa oyilo kwa anthu opaka matabwa a zigafa. Anawatsata mpaka kunyumba, kugubuduza miphika, kusuzumira pansi pa mphasa.

"Mwapeza, a Kapitawo? Yang'ananinso mu mtondo. Mwina ndasinja."

"Mayi inu, oyilo akupita kuti?"

"Ndikumwa. Simukuona mmene ndanenepera?"

Amayi a ku layini ankadziwa. Palibe ananena, koma madzulo ena ndowa za madzi zinkapezeka zitatulidwa pafupi ndi chulu, popanda wofunsa mwini wake.

Zikhomo zitaumbidwa, a Kaputeni anabwera ndi a Gelesomu ndi anyamata awiri a zikwanje, atamanga nsanza kumaso kuopa utomoni. Amayi anga anali panjira ija ndi mtolo wa nkhuni, ndipo anaima. Zimene ndikulemba apa anandiuza ndi iwo. A Kaputeni anafuna kuyeza kaye kuti adziwe pozika chikhomo. Anaima pa nkhadze, kuika kachipangizo pa diso. Anakachotsa, kupukuta magalasi, kuyang'ananso. Mtunda unali utatsala pang'ono kukwanira. Munthu wina akanati chipangizo chinalakwa poyamba paja. Koma a Kaputeni sanali opusa. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa kabwalo. Anaona kuti chulu china, chimene chinkakhala pambali pa kabwalo, tsopano chili kumbuyo kwake. Anaona kapinga wobiriwira pakati pa udzu wouma, atamera m'mizere ngati mbewu pa nazale. Anaponda pamenepo, nsapato inatuluka ndi mchenga wakuda.

Anamchenga anali chiimire ndi thabwa lawo.

"Mayi, kabwalo aka kayenda."

"Kayenda, bwana."

"Kayenda kokha?"

"Kalibe miyendo. Ndakayendetsa ndine."

A Gelesomu anagwira pakamwa. Anyamata a zikwanje anayamba kuseka m'nsanza zawo.

"Mukudziwa kuti mwasintha dzenje lonse? Anthu asewera mpikisano pa bwalo lolakwika. Chifukwa chiyani?"

"Munati yolondola ikhale. Yezani, yalondola."

"Sindikufunsa zimenezo. Nkhadze zilipo zambiri. Iyi yokha ili ndi chiyani?"

"Si nkhani ya amuna, bwana."

"Mayi, ine ndine kaputeni wa kalabu ino."

"Eya. Kaputeni wamwamuna. Kodi muli ndi akazi kunyumba? Abwere, ndidzawauza iwowo. Mukafuna kudula lero, yambani ndi ine, chifukwa ndikukakhala pamenepo."

Anataya thabwa, kuyenda mpaka pa nkhadze, kukhala pansi pa tsinde n'kutambasula miyendo. Amayi akuti a Kaputeni anayang'ana anyamata aja, anyamata n'kuyang'ana zikwanje zawo. Palibe amene anafuna kuti utomoni udonthere nkhalamba kumaso. A Kaputeni anati nkhaniyi ipita ku komiti, n'kubwerera ku galimoto.

Anthu ambiri anaganiza kuti zathera pomwepo, ndipo adzadula tsiku limene Anamchenga apite ku chigayo. Anasiya kupita ku chigayo. Koma Loweruka lotsatira galimoto ya a Kaputeni inatsitsa mayi wovala nsapato zazitali ndi magalasi akuda, nkhope ikuonetsa kuti wabwera mokakamizidwa. Anamchenga anatumiza mwana kudzaitana amayi anga kuti akhale mboni. Atatuwo anapita ku nkhadze, amuna onse atatsala pa khonde la kalabu. Anamchenga anafotokoza mwachidule, osalira, monga mmene anadzandifotokozera ine. Mayi aja anavula magalasi. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Munamutcha dzina?"

"Ndaona."

Mayi aja anagwedeza mutu. Anati, motsitsa mawu, nawonso mwana wawo anatsala ku chipatala, sanawaonetse pamene anamuika.  Anavula nsapato, kuzigwira m'manja, n'kubwerera ku khonde akuponda pansi. Amayi anga anawatsata ndipo anamva zimene anauza amuna awo pamaso pa anthu onse.

"Musadule."

"Chifukwa?"

"Si nkhani ya amuna."

Osewera anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za m'banja. A Kaputeni sanaseke. Anayang'ana akazi awo kwa kanthawi, n'kuuza a Gelesomu kuti chikhomo cha dzenje lachinayi akachisunge ku sitolo ya zipangizo.

Ndikanakonda kulemba kuti zinathera pabwino, koma ndalonjeza kunena zoona. Komiti inati nkhadze ikhale, ndipo kabwalo kakhale pamene kafika, pakuti kukabweza inali ntchito ina. Koma inatinso wantchito amene amasintha bwalo mwa yekha n'kumana timabwalo tina oyilo sangapitirize. Anawachotsa ntchito, ndipo alonda anauzidwa kuti asamawalole kulowa m'bwalo. A Kaputeni akuti anawalankhulira, koma anagonja. Anamchenga sanapite kukapepesa, ngakhale bambo anga anadzipereka kuti awaperekeza. Anati munthu sapepesa chifukwa chofunditsa mwana wake. Thabwa lawo anakalisiya pa khomo la a Gelesomu, atalichapa.

Zaka zawo zomaliza anakhalira maganyu osankha ndi kusoka fodya. Maso anayamba kuchita khungu, msana unapindika. Koma bwalo sanalisiye. Njira yapansi ija ndi ya aliyense, ndipo imadutsa pafupi ndi nkhadze. Ankatenga kamtolo ka nkhuni kakang'ono kwambiri, koti mwana angakanyamule ndi dzanja limodzi, kuti azioneka ngati odutsa. Akafika pamenepo ankatula n'kukhala. Mlonda, bambo Yohane, ankabwera ndi chibonga chawo.

"Agogo, mwaletsedwa pano."

"Ndikupuma. Kupuma nakonso kwaletsedwa?"

"Mwapuma kuyambira m'mawa."

"Mtolowu ndi wolemera, mwananga. Tanyamula uone."

A Yohane ankangoima pamenepo, kenako nawonso n'kukhala, n'kupempha fodya wa m'mphuno. Osewera akafika pa nkhadze kudzasankha ndodo ankawapeza awiriwo, ndipo Anamchenga ankawauzabe maganizo awo pa kamenyedwe. Mnyamata amene analowa m'malo mwawo ankamukalipira chapatali kuti akukoka thabwa ngati akulima mbatata.

Anamchenga anamwalira ndili ku sukulu. Ndinafika tsiku loika. Anaikidwa ku manda a pa esiteti, kutali ndi dzenje lachinayi. Nyumba yawo ku layini alowamo kale matenanti ena ochokera ku Dedza.

Sabata ino ndamva kwa a Yohane kuti komiti yatsopano ikukamba zodula nkhadze zonse. Ati masiku ano osewera amadziwa mtunda pa foni, ndipo thirakitala iziyenda momasuka. A Kaputeni aja anasamuka kalekale. Amayi amene anaika Ndaona onse anapita. Chinsinsi chinkateteza mwana pamene panali munthu wokhala pa tsinde. Tsopano chingothandiza chikwanje. Anamchenga akanandikalipira chifukwa cholemba, ndikudziwa. Koma iwowo ndiwo anandiphunzitsa kuti mwambo ukasiya kukusunga, umaufunsa mafunso. Amayi anga atamva za komitiyo sanandiletsenso. Anangovala chitenje n'kupita ku layini, ndipo anabwerako madzulo ndi mawu akuti tsiku lodula likadzafika, azibambowo adzapeza pamalopo pali podzaza. Ine ndawauza kuti ndidzakhala nawo, ngakhale likhale tsiku la mayeso.

Dzulo ndinapitako ndekha. Mvula yoyamba yagwa, ndipo bwalo lonse layamba kuphuka. Nkhadze yatalika kuposa denga la nyumba, nthambi zake zothinana, zakuda ndi kubiriwira. Patsogolo pake, kutali, mbendera ya dzenje lachinayi inali lende, popanda mphepo. Pa tsinde, kumbali ya kum'mawa, pali kamalo kosalala kolowa pansi pang'ono, kukula kwake ngati lichero, pamene kukhala kwa zaka zambiri kunapha udzu n'kulimbitsa dothi. Madzi a mvula anadikhapo n'kuuma. M'mphepete mwake timaudzu tayamba kulowa, koma pakati pakadali pouma gwa. A Yohane anali ataima chapatali ndi chibonga chawo kukhwapa. Anandiona ndikupatuka panjira, anandiona ndikukhala pansi pamenepo, ndipo anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana ku dzenje lachisanu, kumene kunalibe munthu.